Penti Wobiriwira pa Kalavani ya Alamu

Sukulu ndinaisiyira pa Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa chake, ndinatopa nako kuyankha. Chimene ndinatsala nacho ndi pikiapu ya malemu bambo anga, hafutani yomwe kale inali yoyera koma lero ili ndi mtundu wa fumbi la ku Nsanje. Ndimanyamulira milamba yowamba kuchokera kumadoko a kudambo kupita nayo kumisika ya m'mbali mwa msewu waukulu. Galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa amayi, ine, ndi aliyense amene wabwera pakhomo pathu ndi nkhope yachisoni. Ikadzafa, ine ndidzabwerera kukapalasa bwato la munthu wina. N'chifukwa chake munthu akayamba kuiyamikira, ndimadziwiratu kuti akufuna kuipha.

Chaka chimene madzi anagwetsa nyumba ya achemwali anga, iwo ndi amuna awo anabwera kudzakhala m'khitchini mwathu. Achemwali anali oyembekezera. Alamu angawo ndi munthu wa ngolo, moyo wawo wonse akhala kumbuyo kwa ng'ombe, kunyamula thonje ndi mchenga. Anapatsidwa malo kumtunda, kudera la Mbenje, koma malowo anali tchire ndi dzuwa basi, opanda ngakhale khoma limodzi.

Tsiku lina m'mwezi wotentha uja mvula isanayambe, alamuwo anandipeza ndikutsuka fungo la nsomba kumbuyo kwa galimoto. Anayamba ndi kusisita boneti.

"Alamu, galimoto iyi ndi njovu. Bambo anasankha."

"Mukufuna chiyani?"

"Aa, munthu asayamikire? Ndapeza nyumba, alamu. Nyumba ya matayala."

Inali kalavani imene anthu okonza msewu anaisiya pamsasa wawo atamaliza ntchito. Ankagonamo akapitawo. Eni ake anauza mlonda wa pamalopo kuti aione chochita, ndipo alamu anali atagwirizana naye kale. Chotsala chinali choti ine ndikaikoke.

Ndinawauza zimene makaniko wanga wa ku Bangula anandiuza kalekale, kuti galimoto ili ndi malire awiri, a zimene ingasenze pamsana ndi a zimene ingakoke kumbuyo, ndipo chokokedwacho chikakhala chopanda mabuleki akechake malirewo amatsika kwambiri. Alamu anaseka.

"Chinthu cha matayala sichilemera, alamu. Ng'ombe zanga ziwiri zimakoka ngolo yodzaza mchenga. Nanji galimoto ya injini?"

"Ng'ombe zikatopa zimagona pansi. Galimoto ikatopa imapsa."

"Mumaopa ngati nkhuku."

"Nkhukuyo ndi imene ikukudyetsani."

Amayi anamva. Sanakweze mawu, iwo sakweza. Anangoti, "Iwe, ukufuna mlongo wako achirire m'khitchini mwanga, pakati pa mapoto?" Ndinavomera kupita kukaiona, kuiona kokha.

Tinapita atatu m'mawa mwake, achemwali atakhala pakati. Msasawo unali pachigwa, waya wa mpanda atagwa, udzu utauma. Kalavaniyo inaima pansi pa mtengo wa msangu. Kumwamba inali yoyera moderako, yothetheka ndi dzuwa, koma kuyambira pansi mpaka m'chiuno mwa munthu inali yobiriwira, penti watsopano, wonunkha. Ndinaima.

Munthu amene wasiyidwa yekha kulondera zinthu zotayidwa sagula penti. Ngakhale atagula, bwanji apente theka?

Mlondayo anali bambo wachikulire wowonda, wolankhula Chisena kwambiri kuposa Chimang'anja. Ndinamufunsa ngati madzi anafika pamsasapo.

"Nkhabe, mwananga, sanafike. Pano ndi pouma."

Ananena izi akuyang'ana alamu, osati ine. Ndinaganiza kuti akuopa kuti wogula athawa. Ndinamuda pomwepo, ndipo ndinayamba kuzungulira kalavaniyo ngati wapolisi. Matayala anali opopedwa bwino, olimba ndikawamenya ndi chidendene, komabe anali ophwatalala pansi ngati asenza matumba. M'kati munali mosesedwa, mokolopedwa, mwaukhondo wopitirira. Achemwali analowa n'kuyamba kusisita kabedi ndi timakabati, akumwetulira koyamba chigwereni nyumba yawo.

Alamu anandikokera kutsogolo, pamene pali mkono wachitsulo wolumikizira. Anandionetsa kachitsulo kokhomedwa pamene analembapo kulemera kwa kalavaniyo.

"Werengani nokha, inu a Fomu 2."

Ndinawerenga. Nambalayo inali pansi pa malire amene makaniko anandiuza, pang'ono chabe koma pansi ndithu. Ndinalibe ponamizira. Komabe titati tinyamule mkonowo kuti tiukoloweke kuchitsulo chokokera, amuna atatu tinalephera. Tinachita kuika jeke. Titatsitsa jekeyo, pikiapu inakhala pansi kumbuyo, mphuno ili m'mwamba ngati galu wopempha.

Ine ndili ndi muyeso wanga umene ndimagwiritsa ntchito padoko amayi a nsomba akamaumiriza kuwonjezera madengu. Ndimalowetsa dzanja pakati pa tayala lakumbuyo ndi madigadi. Dzanja likalowa lonse, tinyamuka. Likakana, wina atsitse dengu lake. Tsiku limenelo zala zokha zinalowa, mokanda.

"Chinthu ichi chikulemera kuposa nambala yake," ndinatero.

"Chitsulo sichinama, alamu. Azungu analemba."

"Chitsulo sichinama, koma anthu amanama."

Mlonda anayang'ana kumbali. Achemwali anatuluka m'kalavanimo atagwira msana, n'kundiyang'ana. Ndinakumbukira mapoto a amayi. Ndinati tiyenda pang'onopang'ono, ndipo ndikamva chilichonse chachilendo ndiimasula n'kuisiya pamsewu. Alamu anaomba m'manja. "Pyadidi, zili bwino!" anatero mlonda, mofulumira kwambiri.

Chigwa chathu chimapusitsa. Msewu ndi wathyathyathya ngati mphasa, ndipo chilichonse chimene chayamba kugubuduka chimaoneka chopepuka. Kilachi inanunkha ponyamuka, koma titalowa mumsewu injini inakhazikika. Alamu anatulutsa chigongono pawindo, akukweza dzanja kwa aliyense wa panjinga. Ine chiwongolero chinkandipepukira m'manja, ngati matayala akutsogolo sakugunda pansi bwinobwino. Sindinawauze. Akanati ndi mantha a nkhuku.

Kenaka mbuzi zinadutsa. Ndinaponda buleki mwachizolowezi, ndipo galimoto sinaime. Ndinamva chinthu chikutikankha kumbuyo, mwakachetechete, ngati mvuu yatsamira bwato. Tinapitirira pamene ndinkafuna kuima, mbuzi yomaliza inapulumuka ndi mchira. Achemwali anagwira mimba ndi manja onse awiri.

"Mabuleki anu ndi otha, alamu."

"Mabuleki anga ndinasintha mwezi watha. Khalani chete."

Patsogolo pathu panali mtsinje umene mlatho wake unapita ndi madzi omwe aja. Magalimoto amapatuka, n'kutsetsereka pagombe lotsika kwambiri, kudutsa mumchenga wouma, n'kukwera tsidya linalo. Ndimadutsapo ndi nsomba sabata iliyonse, ndipo ngakhale ndi nsombazo ndimatsika ndi giya yoyamba. Ndinaima patali ndi potsetserekapo, ndinazimitsa injini, n'kuika miyala kumatayala onse.

"Nanga bwanji?" anafunsa alamu.

Ndinatenga kiyi n'kupala penti wobiriwirayo cha m'mphepete mwake mwa kumwamba. Anali wofewa, anachoka ngati khungu la mbatata yophika. Pansi pake panali mzere wofiirira, wowongoka. Aliyense wa kuno amaudziwa mzere umenewo. Uli pamakoma a sukulu, pamatchalitchi, pamitengo ya m'minda. Ndi pamene madzi anafika n'kukhala masiku ambiri asanaphwe.

Ndinatenga chitsulo chochotsera tayala n'kulowa m'kalavanimo. Achemwali anakuwa kuti ndisaononge nyumba yawo. Ndinalowetsa chitsulocho pamphako ya thabwa la pansi n'kukanula. Pansi pa thabwalo panali thabwa lina, ndipo pakati pake panali makande, dothi lakuda lija la kudambo, louma gwa ngati njerwa, lodzaza kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Munali tizigoba ta nkhono. Ndinatsegula pansi pa kabedi, chimodzimodzi. Thanki ya madzi ya pansi pa kalavaniyo ndinaigogoda, sinalire n'komwe. Tinkakoka munda wathunthu.

Ndinatuluka ndikukalipa.

"Mdala uja ndikamupeza! Anapenta dala kuti tisaone. Akanatipha potsetsereka apa, ife atatu ndi mwana yemwe. Tiyeni timasule, tibwerere, akandiuze penti anamugula kuti."

Alamu, munthu amene amayankha ngakhale tambala akalira, anali atanyonyomala pambali pa msewu, akujambula pansi ndi kamtengo. Ndinawayang'ana, ndipo maso anga anatsikira kumapazi awo. Anavala mapatapata. M'mbali mwa zikhadabo za zala zakumapazi munali zobiriwira. Palamba wa patapata lakumanzere panali timadontho ta penti wobiriwira yemweyo.

Manja anasamba bwino. Mapazi anaiwala.

"Alamu," ndinatero, "mapazi anuwo mwaponda chiyani?"

Anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali ngati ndi a munthu wina.

"Mukanaona mzerewo mukanavomera?"

"Ayi."

"Ndiye mwadziyankha nokha."

"Mwandinamiza m'nyumba ya amayi anga, mukudya nsomba za galimoto yomweyi."

"Madzi anaphwa kalekale, alamu. Tinasesa, tinakolopa. Ine ndimati zatha. Za dothi la pansizo ndaonera limodzi ndi inu, Mulungu akuona."

Mwina ankanena zoona. Mpaka lero sindidziwa. Munthu wa ngolo amadziwa kulemera kwa mchenga kuposa ine, ndipo mkono uja anaulephera nawo kunyamula. Ndinatembenukira kwa achemwali kuti amve mtundu wa mwamuna amene anakwatiwa naye. Iwo anali atakhala pakhomo la kalavani, miyendo ili pansi, akupukuta thukuta ndi chitenje.

"Chitini cha penti ndinagwira ndine," anatero. "Burashi tinabwereka kutchalitchi. Usamutukwane yekha."

"Inunso, achemwali?"

"Iwe umakana chilichonse. Chisiyireni sukulu umangoona wakuba paliponse. Tikanakuuza zoona, bwenzi ndikugonabe pafupi ndi mafuwa."

"Ndikanatsika apa bwenzi mukugona kumanda."

"Ndiye sunatsike. Tsopano utani, utisiya pamsewu?"

Ndinafunadi kuwasiya. Ndinayenda mpaka pagombe n'kuima. Kunsi mumchenga amayi ena ankatunga madzi m'zitsime zokumba ndi manja, ndipo bambo wina ankapakira mchenga m'ngolo. Dzuwa linali pamutu. Ndinabwerera n'kuwauza alamu kuti galimoto yanga sikokanso chinthucho mpaka dzanja langa litalowa lonse pamadigadi, ndipo potsetsereka ndi mumchenga sichikhala kumbuyo kwanga ngakhale chitapepuka ngati nthenga.

Anatsika okha kukabwereka khasu ndi fosholo. Matabwa onse a pansi ndinakanula ine, ndipo sindinawasamale. Alamu anagumula makandewo n'kumaponya panja, thukuta likuchita kuyenderera, ine nditakhala pamthunzi wa galimoto yanga. Sindinagwire fosholo. Thanki tinaimasula n'kuisiya pomwepo. Amayi otunga madzi aja anakwera kudzaonerera, mmodzi n'kufunsa ngati tikufuna kudzala mpunga m'nyumbamo. Achemwali anaseka. Ine sindinaseke.

Mulu wa dothi utakula pambali pa msewu, bambo wa mchenga uja anavomera kuthandiza mnzake wa ngolo. Kalavaniyo anaitsitsa ndi zingwe, amuna angapo atagwira kumbuyo, chipika chikukhwekhwerezeka pansi ngati buleki. Mumchenga anaikoka ndi ng'ombe zake mpaka kukwera tsidya. Ine ndinawoloka ndekha, wopanda kanthu. Tsidyalo tinalumikizanso, amuna awiri okha ananyamula mkono uja popanda jeke. Ndinalowetsa dzanja. Linalowa mpaka m'mfundo.

Tinafika kumalo awo dzuwa likadali m'mwamba.

M'mawa mwake ndinagona chagada pansi pa pikiapu ndipo ndinapeza chimene ndinkayembekezera. Sipuling'i imodzi yakumbuyo inali itang'aluka. Ndinaimanga ndi mphira wa chubu n'kuyenda nayo choncho mpaka pamene makaniko anandipezera ina yakale. Kilachi imanunkhabe ndikadzaza kwambiri, zomwe kale sinkachita. Koma ikuyenda, ndipo amayi akudya.

Mwana anabadwa mvula itayamba, wamkazi, ndipo kuchokera kuchipatala anafikira m'kalavani muja. Pansi pake alamu anakhoma matabwa a mabokosi akale, ndipo mpaka lero ukaponda molakwika phazi limalowa. Achemwali amati ndi ine ndinawaonongera nyumba. Penti uja anayamba kusupuka chaka chomwecho, mzere wofiirira unatulukanso wonse kuzungulira, ndipo palibe amene anavutikanso kuubisa.

Mwezi watha alamu anabwera kunyumba nditangofika kuchokera kudoko. Anayamba ndi kusisita boneti. Akuti apeza chigayo chakale kwa mnzawo, chaching'ono, chili pangolo yakeyake ya matayala awiri, chopepuka zedi. Anavala nsapato zotseka.

"Vulani kaye," ndinawauza.