Mashiti a Alendo ku Lirangwe

Lolemba lapitali amalume anga a Likaya anatulukira kwathu ku Chileka osatumiza uthenga, atavala jekete, khadi la chipani likusuzumira m'thumba. Ndinaganiza kuti ku Lirangwe kwagwa zovuta. Ayi ndithu. Anabwera kudzadandaula za mashiti.

Nkhani yake ndi iyi. Pochoka ku migodi ya ku Joni, zaka khumi ndi zinayi zapitazo, anagula mashiti awiri oyera a pabedi. Si nsalu wamba. Ndi ija yolukidwa mothinana, yoti mukaiyang'ana padzuwa simuona timipata, ndipo mukaikutumula imalira ngati pepala. Telala wina wa ku Lunzu anandiuza kuti nsalu yotere imakhala ndi ulusi pafupifupi mazana awiri pa inchi imodzi.

Akazi awo, amake Joji, analandira mphatsoyo ndi manja awiri, n'kuitsekera m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi mankhwala a njenjete. Anagamula kuti ndi ya alendo.

Amalume anandiwerengera amene anagonapo: abusa kawiri, mlangizi wa zaulimi kamodzi, apongozi a Joji katatu, ndi ineyo tsiku lina basi itandisiya. Nanga mwini wake? Ngakhale kamodzi. Atafunsa sabata yatha, poti zaka zapita ndipo msana wayamba kuvuta, anauzidwa kuti asade nkhawa. Shiti limodzi ndi lawo, adzawakulungamo tsiku lawo likadzakwana.

"Ndiye kuti, mphwanga, ndife kaye kuti ndilawe chinthu changa?"

Musaseke msanga, awerengi. Kodi mbale zamaluwa zili m'kabati mwanuzo munadyeramo liti? Kuno ku Chileka ndikudziwa nyumba zitatu za ogwira ntchito kubwalo la ndege zomwe zili ndi mipando ya khushoni, koma eni ake amakhala pa mpando wa ndalema pakhonde. Kulemekeza mlendo n'kwabwino, sindikukana. Komatu akulu anati mlendo ndi mame. Dzuwa likatuluka wapita, wotsala ndi mwini nyumba ndi bulangete lake lakale.

Amalume anali ndi nzeru yawo. Anakhala kwathu masiku atatu, ndipo Lachinayi ndinawaperekeza. Titatsika basi pa Lirangwe anagula buledi ndi shuga. Atafika m'mbali mwa bwalo la nyumba yawoyawo anaima, nakhosomola, n'kuodira. Ntchito yanga inali yonena kuti ndabwera ndi mlendo wochokera ku Chileka.

Amake Joji anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa. Sanaseke. Anayala mphasa, nagwada, nawafunsa za ulendo ndi za anthu kumene achokera. Anapha nkhuku. Koma anawakumbutsanso kuti mlendo sagwira wailesi ya eni nyumba, salowa kuchipinda chawo, ndipo amanena tsiku lobwerera. Mashiti anayalidwa m'chipinda chakale cha Joji.

M'mawa ndinawapeza amalume pakhonde akuwotha dzuwa, nkhope ili ndwii. Anati nsaluyo ndi yosalala kuposa mmene ankaganizira, koma imazizira ngati mwala wa kumtsinje. Anaiwala chinthu chimodzi pokonza nzeru yawo ija: mlendo amagona yekha.

Amake Joji anamva zonsezi ali potsuka mbale. Anangofunsa ngati alendowo akwera basi ya m'mawa kapena ya masana.

"Ndatopa nawo ulendo, amake Joji. Ndabwerera kwathu."

Masana mashiti atauma pachingwe, ndinaona lina likupindidwa kubwerera m'bokosi. Akuti limenelo ndi la abusa. Linalo amake Joji analowa nalo kuchipinda kwawo, lija anawasungira amalume la ulendo womaliza.

"Poti ndi lanu kale," anatero amake Joji, "muyambiretu kulizolowera."

Nanga inu, chimene munatsekera m'bokosicho mukufuna mudzachigwiritse ntchito mukupuma, kapena adzakuyalireni ena?