Chitseko, Mano ndi Chipewa cha Agogo Anu

Tsiku limenelo tinkakumba mbatata ya kachewere. Kunali kwathu ku Angonia, tsidya lija la malire a Dedza. Ndinali ndisanathe msinkhu. Amayi ankakumba, ine ndinkatolera m'dengu, bambo ankaloza pokumba.

Kenaka kuseri kwa phiri kunatulukira helikoputa. Inauluka motsika kwambiri moti ndinaona nsapato ya msilikali amene anakhala pakhomo pake. Chakumsika kunayamba kulira mfuti.

Tinathamangira kunyumba. Amayi anandiveka madiresi anga onse, lina pamwamba pa linzake. Anamanga mchere ndi machesi kunsonga ya chitenje. Tinauyamba ulendo.

Titafika pamtsinje, bambo anaima. Anati aiwala chitseko. Musaseke, inu ana a ku Mississauga kuno ku Canada, amene zitseko zimakutsegukirani zokha kusitolo. Chinali chitseko cha mlombwa, cha mahinjesi enieni ndi loko. M'mudzi monse munalibe china chotero. Anati nyumba tidzamanga kulikonse, koma chitseko chimenecho sitidzachipezanso. Anati tizitsogola, atipeza.

Tinawadikira pamsewu wa tala umene umagawa maiko awiriwa. Kunadutsa anthu osenza malata, mbuzi, makina osokera. Kunadutsanso zitseko. Amayi ankawerama kusuzumira nkhope pansi pa chitseko chilichonse.

Kuyambira pamenepo ndinatsala ndi malamulo awiri. Ndege sindikwera. Munthu wanga sabwerera kukatenga chinthu.

Ndinakulira ku Dedza. Ndiye taonani nthabwala za Mulungu: anandipatsa mwamuna woiwala. Agogo anu aamunawa satuluka pageti kamodzi. Amabwerera magalasi, amabwerera chipewa, amabwereranso kukafunsa chimene anabwerera. Nthawi ya mtendere ndinkangotukwana chamumtima.

Mayi anu Tadala atakhazikika ku Canada kuno, anatikonzera mapepala. Anati atumiza matikiti a ndege. Ndinati atumize ya bambo ake okha. Bambo ake anati sapita okha, chifukwa sadziwa pamene ndimaika masokosi awo. Tadala anachonderera, anakalipa, analira pafoni. Anati ndege ya masiku ano muli ndi wailesi yakanema komanso amapereka nkhuku. Ndinati ngakhale atapereka ng'ombe.

Amene anatimasula ndi mayi wina wachizungu wokalamba wa ku Oakville, amene Tadala ankamusamala. Iye anabwera kuno pa sitima ya pamadzi ali mtsikana, ndipo anati sitima zotero zikuyendabe. Tadala anatibukira malo. Anati anzake onse akumuseka. Ndinati aziseka, mano ndi awo.

Tinakwera basi ya ku Joni. Msewu wake umadutsa ku Angonia komweko. Ndinakhala pawindo. Nyumba zambiri tsopano zili ndi zitseko zachitsulo. Ndinaziyang'ana zonse mpaka tinatuluka m'deralo.

Ku Cape Town tinaiona sitimayo. Ine ndinkayembekezera bwato lalikulu. Chimene ndinaona ndi tauni yathunthu yoimikidwa pamadzi. Ndinalowa nditavala madiresi onse, kunja kukutentha. Pachipata anandilanda machesi. Mchere anaununkhiza, nandibwezera.

Anatipatsa kachipinda kathu. Agogo anu anali ndi zilonda m'nkhama chifukwa cha nyama zouma za pamsewu. Anavula mano awo oikirira, nawaponya m'kapu ya madzi. Tinatuluka kukafuna tiyi. Sitima inali isananyamuke.

Tili pakati pa tiyi, china chake chakudenga chinayamba kuyankhula Chingelezi cham'mphuno. Ine sindinagwirepo kanthu. Agogo anu khutu lakumanzere linapuma kalekale, lakumanja linali pa keke. Kenaka hutala anayamba kulira. Analira modukiza, analiranso, nkumaliza ndi kulira kwakutali kolowa mpaka m'mimba.

Anthu onse anaimirira nthawi imodzi. Mayi wina anasiya tiyi wake wosamwa. Ine chimenechi ndimachidziwa. Anthu akasiya chakudya patebulo, sufunsa mafunso.

Ndinagwira chitenje changa, mchere unalipo. Ndinagwira agogo anu.

Iwo anali atafunsa bambo wina wa patebulo loyandikana. Anandiuza kuti aliyense akubwerera kuchipinda kwake kukatenga jekete loyandamitsa munthu pamadzi. Anati ine ndizitsogola kumalo osonkhanira, andipeza, sachedwa. Anati akatengeretu ndi mano.

Ndizitsogola, andipeza. Ha! Mawu amenewo ndinawamvapo.

Ndinawagwira pamkono pamene pali wotchi. Sitima yonse inkalowera uku, ife tinkalowera uko. Ndinawakoka pamasitepe. Ndinagunda bambo wina wa kabudula wamaluwa, sindinapepese. Tinadutsa malo ogulitsa mafuta onunkhira, tinadutsa munthu woimba piyano amene ankatseka piyano yake mosafulumira ngati chitsiru. Agogo anu ankayankhula njira yonse, koma munthu wopanda mano akamathamanga mawu ake amangokhala mpweya. Nsapato yawo imodzi inavuka. Anatembenuka kuti aitole. Ndinawakoka.

Njira yotulukira ndinali nditaiona polowa. Ine kulikonse kumene ndalowa ndimayamba ndaona potulukira, ngakhale kutchalitchi kwathu ku Scarborough. Tinafika pachipata. Mtunda unali apo, pafupi, wouma bwinobwino.

Panaima mkulu wina wovala zoyera, mayi wa msinkhu wanga. Anatambasula manja. Anafotokoza, agogo anu akumasulira. Kunalibe moto. Kunalibe nkhondo. Kumeneku kunali kuyeserera chabe, kuti tidziwe kothawira zinthu zikavuta. Amatero ulendo uliwonse asananyamuke.

Kuyeserera kuthawa! Ndinamuyang'ana mayi uja kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Anthu akhuta, eti. Ife tinathawa osayeserera.

Anati lamulo ndi lamulo: bambo apite kuchipinda akatenge majekete, apo ayi ulendo wathu uthera pomwepo. Mutu wanga unamva kuti ndi masewera. Dzanja langa silinamve. Ndinayesa kulitsegula, linakana. Wotchi ya agogo anu inali italowa m'mnofu. Ndinaganiza za Tadala, amene nthawi imeneyo anali woyembekezera iwe Mphatso. Ndinaona kuti tibwerera ku Dedza pa basi, ndipo ndidzakuonera pafoni mpaka kufa. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, koma dzanja silinatseguke.

Agogo anu anaima chilili, nsapato imodzi, sokosi lobooka, milomo italowa m'kati. Anakonza kolala. Anayankhula Chingelezi pang'onopang'ono, moti ngakhale ine ndinamva.

"Bambo a mkazi wangayu anabwerera kukatenga chitseko. Mpaka lero."

Nkhani imeneyi ndinawauza kamodzi kokha, tisanakwatirane. Munthu amene amaiwala dzina la mpongozi wake.

Mayi wovala zoyera uja anayang'ana dzanja langa. Kenaka anayankhula m'kawailesi kake ka paphewa.

Posapita nthawi kunabwera bambo wina wogwira ntchito m'zipinda. Paphewa anali ndi majekete awiri. Kukhwapa anapanira nsapato ija. M'manja ananyamula thireyi yonyezimira, yoyala kansalu koyera, ndipo pakati pake panali kapu ya madzi. Mano anali m'katimo, akuseka.

Anawerama powapereka. Agogo anu anathokoza, natembenukira kukhoma, nawavala. Atatembenukanso anali bwana.

Pamalo osonkhanira tinafika omaliza. Jekete langa silinamangike pamwamba pa madiresi onse aja. Anachita kundithandiza anthu awiri.

Ulendo wotsalawo unali wa kudya ndi kusanza. Madzi kutsogolo, madzi kumbuyo. Ku Mangalande tinasintha sitima, ndipo nayo inaliza hutala wake. Ulendo uno agogo anu anavala jekete lawo kuyambira pa kadzutsa, mano ali m'kamwa, chipewa chili pamutu. Azungu ankatijambula. Tinawasiya.

Tinatsika ku Halifax, nkukwera sitima ya pamtunda. Pasiteshoni yaikulu ya Toronto tinapeza Tadala, mimba ili kutsogolo, atanyamula majasi awiri. Anandikumbatira, nafunsa chifukwa chimene ndanenepera chonchi. Ndinamuuza kuti ndi madiresi.

Tikuyamba kuyenda, agogo anu anagwira kumutu. Chipewa chinatsala pampando. Chinali chipewa cha paukwati wathu. Sitima inali ikadaima, khomo lili lotsegula, pafupi pomwepo. Tadala anati, "Thamangani, adadi, tikudikirani."

Agogo anu anatembenuka. Ine sindinawagwire, manja anga anali ndi zikwama. Anayang'ana khomo lija. Kenaka anandilanda chikwama chimodzi, naika mkono wawo m'dzanja langa, pamalo pomwe paja pa wotchi. Anati kuno kukuzizira, chipewa chija n'chopyapyala.

Ndiye mukamandifunsa m'Chingelezi chanucho chifukwa chimene agogo anabwerera pa sitima ngati anthu akale, yankho ndi limenelo.

Amayi anga anamwalira ku Dedza. Mpaka tsiku lomaliza chitseko chawo sankachikhoma. Bambo sanabwere. Chipewa sichinapezeke. Mchere uja uli m'kabati, pamwamba pa mbale. Agogo anu ndi awo akuwodzera pasofa, mano ali m'kapu.