Mbewa Zokalamba za Mayi Pruitt

Mayi Odessa Pruitt agwira ntchito zaka 26 m'chipinda chapansi cha nyumba ina yofufuzira matenda ku Baltimore, ku America, kudyetsa mbewa ndi kutsuka timakola take. Sukulu sanapite nayo patali, koma fungo lokha limawauza khola limene muli mbewa yodwala.

Zimene ankazinyadira kwambiri zinali mbewa 48 za Dokotala Halvorsen. Dokotalayo anawafotokozera tsiku lina kuti m'thupi muli mapuloteni achitetezo amene timabadwa nawo. Mu ubongo, ena mwa iwo amaika chizindikiro pa timalumikizo ta mitsempha totha ntchito kuti tichotsedwe, koma munthu akakalamba mwina amayamba kuika ndi pabwinobwino pomwe. Mbewazo zinabadwa zopanda puloteni imodzi yotere. Kodi zikakalamba zidzaiwala kapena ayi? Zinayenera kukalamba kaye, ndipo ukalamba sagula m'sitolo. Mayi Pruitt anazilera miyezi 22. Inatsala iwiri yokha kuti ziyesedwe.

Pamalopo panali lamulo lakuti mbewa ikapitirira miyezi 18 iphedwe ndi mpweya wakupha, pokhapokha khola lake litakhala ndi khadi lobiriwira, monga analili makola a mbewa za dokotalayo. Kapitawo watsopano, a Gerald Stroup, anachotsa makhadi onse nalowetsa mayina m'kompyuta, koma mtundu wa khadi sanaulembe.

Lachisanu lina Mayi Pruitt anachedwa. Amuna awo, a Clement, amene matenda oiwala anawayamba zaka zitatu zapitazo, anali ataika makiyi a galimoto m'firiji. Mayiwo atafika kuntchito anapeza mashelefu a mbewa zija ali opanda kanthu. Anathamangira kuchipinda cha mpweya, napeza a Gerald akukankha ngolo ya timakola.

"Imani pomwepo, a Gerald. Mwapha zingati?"

"Kompyuta yati zapitirira msinkhu, mayi."

"Sindinafunse kompyuta. Zingati?"

"Zakwana 37."

"Ndi madigiri anu awiriwo simunadzifunse kuti munthu angadyetserenji mbewa yaimvi zaka ziwiri? Mumayesa ikudikira penshoni?"

"Mukanabwera pa nthawi yake…"

"Maliza mawuwo, mwana iwe. Maliza ndimve."

Mayi Pruitt analanda a Gerald ngoloyo, nabweza mbewa 11 zotsalazo pamalo pake.

Dokotala Halvorsen anatsika, naziwerenga kawiri. "Izi zachepa, sizingatiuze zodalirika," anatero. "Tiyambirenso."

Mayi Pruitt anawerengera msanga: masabata atatu a bere, kenako miyezi 24 yathunthu. Iwo anayenera kupuma pantchito mu Juni chaka chomwecho.

"Ndikudziwa, adokotala, kuti mbewazi sizikanachiritsa a Clement," anatero. "Ndimangofuna kumva yankho iwo akanali kunditchula dzina. Tsopano mwati ndidikire zaka ziwiri chifukwa cha munthu amene sanagwirepo mchira wa mbewa."



Masana omwewo Mayi Pruitt anakwera kuofesi nakatenga kalata yawo yopumira ntchito, naing'amba mlembi akuona. Kenako anatsika kukasankha mbewa zazikazi 12 zamtundu womwewo zoti zibereke. A Gerald anabwera pakhomo atavala magolovesi, nati afuna kuthandiza.

"Thandizo lanu ndaliona kale," anatero Mayi Pruitt osacheuka. "Tsekani chitseko, mukulowetsa mphepo."