Kamisolo Woyesera Pamwamba pa Juzi

Tinanyamuka ku Bangwe Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, chiperoni chitakuta phiri lonse. Tinali awiri: ine Veronika, ndi amayi anga, amene anadzisankha okha kukhala mtsogoleri wa ulendo, msungichuma komanso wodzudzula. Chimene tinkatsata chinali chinthu chaching'ono choti mutha kuchipinda n'kuchiika m'thumba la siketi. Tinkakagula kamisolo wamasewera.

Musanaseke, imvani kaye. Ine ku koleji ndinalowako. Ndinakhalako chaka ndi kanthu ndikuphunzira zamalonda, kenaka ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere. Ndinabwerako ndi fayilo yobiriwira komanso chizolowezi chonena kuti "mwachidule" ndikafuna kuyankhula zazitali. Zogulitsika zimene ndinatsala nazo zinali msinkhu ndi mpira wamanja. Tsiku limenelo, 2 koloko masana, timu ya fakitale ina ya ku Makata inkayesa osewera atsopano, ndipo amene watengedwa ankapatsidwanso ntchito m'fakitalemo.

Ndinali nditayesako kale, n'kukanidwa. Ine ndine wotchinga, ntchito yanga ndi kudumpha manja onse ali m'mwamba. Koma ndinkadumpha ndi dzanja limodzi, linalo lili pachifuwa ngati munthu wolapa machimo pa Misa. Kumeneko Mulungu anandipatsa mosaumira, ndipo anyamata a m'mbali mwa bwalo sankalephera kumuthokoza m'malo mwanga, mokuwa. Ndinayesapo kuphatikiza makamisolo wamba awiri, sizinathandize. Ndinayesapo kudzimanga ndi chidutswa cha chitenje, ndinaona nyenyezi masana. Kochi wa timuyo, mayi wamfupi wa mawu ngati wenzulo, anandiuza kuti, "Ukapeze choti chikugwire, ubwerenso. Koma ukabwera ndi dzanja limodzi, kakhale komaliza."

Minibasi ya ku Limbe inali handiredi kwacha, anayianayi pampando. Amayi anali atandiveka ngati mwana wopita ku sikelo: malaya amkati, bulauzi, ndi juzi yaubweya ya achimwene anga, amene ndi munthu wathupi. Ife a ku Nsanje kuzizira timakuopa kuposa ng'ona. Kondakitala ataona kukula kwanga anati, "Asisi, inu mulipira wawiri."

"Wachiwiriyo ndi juzi," ndinamuyankha. "Mufunse yekha, ine sindimulipirira."

Tinafika ku Limbe 8 koloko itangodutsa, ogulitsa kaunjika akuyala. Tisanayende patali tinakumana ndi mnyamata atakoleka makamisolo m'mikono yonse iwiri kuyambira paphewa mpaka pachikhatho.

"Sipotsi bra, mami! Belo yatsegulidwa lero lomwe. Saizi ya asisiwa ndaiona kale ali uko."

"Waiona bwanji?" amayi anamufunsa. "Maso akowo uziwasamala."

Tsono lamulo la pa kaunjika mukulidziwa, munthu savula. Thalauzi timayesera pakhosi, nsapato ya mwana timayesera kamtengo kothyoledwa kunyumba, kamisolo timayesera pamwamba pa chilichonse chimene tavala tsiku limenelo. Choncho ndinaima pakati pa Limbe, mwana wophunzira, n'kuvala kamisolo wotuwa pamwamba pa malaya amkati, bulauzi ndi juzi ya achimwene. Anandigwira bwinobwino. Kunena chilungamo, juzi ija sinagwiridwepo bwino chotero chiyambire.

"Ndi wanu ameneyo," mnyamata uja anatero. "Ngati anakusokerani dala."

"Tipatse wokulirapo," anatero amayi.

"Amayi, wokulirapo wa chiyani?"

"Uzikulira momwemo."

"Ndinamaliza kukula ine. Anzanga ali ndi ana a sukulu."

"Nkhabe," anatero amayi, ndipo akakana m'Chisena ndiye kuti khoti latsekedwa. "Mkazi samaliza kukula. Nanga ukadzabereka? Tizidzagulanso wina?"

Amayi anga ndi munthu amene anandigulira yunifomu ya Sitandade 1 imene ndinavula ndili Sitandade 5, ikadali yopinda m'munsi. Sanagulepo chinthu cha munthu amene waima patsogolo pawo. Amagulira munthu amene akubwera. Tinagula wokulirapoyo, mnyamata uja n'kutichenjeza mwaulemu kuti katundu wake akapita sabwerera.

Ndinakamuvala m'chimbudzi cholipiritsa chapafupi ndi depoti, pamtengo wa twente kwacha ndi kapepala kamodzi. Nditaima chilili zinkaoneka ngati zili bwino. Zinthu zambiri m'moyo zimaoneka bwino munthu akaima chilili. Amayi anandiyang'ana nditatuluka, anati, "Waona? Ukupuma ngati munthu." Tinamwa tiyi ndi mandasi pa kabenchi kena, kenaka cha m'ma 10 tinakwera minibasi ya ku Ndirande, yodzera ku Makata, kuti tikadikirire pabwalo pomwepo.

Tinapeza malo kumpando wakumbuyo kwenikweni. Amene simunakhalepo kumpando umenewo, dziwani kuti ndi kumene minibasi imasungirako maganizo ake onse okhudza msewu. Titangodutsa Maselema, dalaivala anapatsidwa chizindikiro ndi mnzake wochokera kutsogolo kuti kuli apolisi apamsewu, ndipo poti tinali ochuluka kuposa mmene boma limafunira, anakhotera m'kanjira kafumbi kuseri kwa mafakitale. Kanjirako kanali ndi maenje oti mbuzi itagweramo mwini wake akhoza kuyamba maliro.

Dzenje loyamba, dzanja langa lamanzere linapita lokha pachifuwa. Lachiwiri, lamanja linatsatira. Kamisolo watsopano uja anali pomwepo, koma monga mlonda amene akuba amamupatsa moni podutsa. Lamba wake wam'munsi anakwera kumsana mpaka pakati pa mapewa, zingwe zinatsetserekera m'mikono, ndipo za m'katimo chilichonse chinkayendera yake.

Mayi wina amene anakhala mbali inayo, atanyamula beseni la tomato pamiyendo, anandiyang'ana mwachifundo. "Mukuyamwitsa, achemwali?"

"Ayi. Ndikupita kukasewera mpira."

"Chonchi?" Anagwira beseni lake lisagwe. "Tomato wangayu wamangidwa bwino kuposa inu."

Amayi anandiyang'ana, anayang'ana tomato, anayang'ana pawindo. Titabwerera pa tala, kondakitala anakuwa kuti, "Makata otsika!" Ine ndinayamba kudzuka, koma amayi anandikoka juzi.

"Khala pansi. Kondakitala, tikatsika kumsika."

Amayi anga sapepesa. Amangosintha siteji yotsikira.

Mumsika wa Ndirande tinalowa cha m'ma 11, kudzera kwa okhoma zidebe, kumene phokoso lake limakutsuka m'makutu kwaulere. Tinapinda tinjira tambiri mpaka tinapeza mayi wina atakhala kuseri kwa mulu wa zovala zamkati, akudya chinangwa chophika. Nditamufunsa ngati ali ndi makamisolo amasewera, analoza ndi chinangwacho. "Fufuzani m'munsimo. Ine sindinavalepo, sindithamangitsidwa ndi munthu."

Mayeso a kamisolo wotere ine ndinkawadziwa. Kochi uja anali atatiuza tonse tsiku londikana lija: lamba wam'munsi agwire moti zala ziwiri zilowe movutikira, ukakweza manja asakwere nawo, zingwe zisadye mapewa komanso zisagwe, m'khwapa musatuluke kanthu, ndipo pomaliza udumphe. Vuto linali lakuti mayeso onsewa amafuna munthu wopanda juzi. Ndinawafotokozera amayi zimenezi mwachidule, kutanthauza kuti ndinayankhula nthawi yaitali.

"Ndiye ukufuna uvule mumsika?"

"Sindikufuna. Koma juzi ija yagula kale wake ku Limbe. Tsopano ndi nthawi yanga."

Amayi anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anachita chinthu chimene sindinkayembekeza kwa mlembi wa bungwe la amayi a kutchalitchi. Anamasula chitenje chawo chapamwamba, cha zithunzi za oyera mtima, n'kuimitsa azimayi awiri amene ankangodzidutsira.

"Pepani amayi, tagwirani nsonga iyi. Inunso gwirani apa. Mwanayu ali ndi intaviyu."

Ku Ndirande ukapempha munthu kuti agwire chitenje safunsa zambiri, amadziwa kuti nkhani aipeza mkati. Mmodzi anawonjezera chitenje chake, ndipo pakona ya benchi ndi khoma la malata panamangidwa kachipinda. Vuto limodzi lokha: ine ndine wamtali. Mutu wanga unkaonekera pamwamba ngati wa nkhuku ili m'dengu.

Ndinavula juzi, bulauzi, malaya amkati ndi mlonda wa ku Limbe uja. Mphepo ya Juni inandilandira.

Kamisolo woyamba anali wakuda, wokongola. Kuti alowe ndinachita kulimbana naye ngati ndikuvula mbuzi chikopa cham'mbuyo. Atalowa, chala ngakhale chimodzi sichinapeze njira pansi pa lamba, ndipo m'khwapa munatumphuka minofu ngati mtanda wa mandasi ogona.

"Ali bwanji?" amayi anafunsa ali kunja.

"Akugwira," ndinayankha ndi kamawu ka mwana wa mphaka.

"Vula msanga! Zothina choncho zimatseka mkaka."

"Mkaka satseka ndi nsalu, amayi," anatero mmodzi wa ogwira chitenje aja. "Koma avuledi, nkhope yayamba kuda."

Wachiwiri anali wabuluu, ndipo analowa mwaulemu. Zala ziwiri zinalowa, zitatu zinalowa, dzanja lonse linalowa n'kupereka moni. Nditakweza manja, lamba anakwera nawo limodzi. Ndinamuponyera kunja, ndipo wogwira chitenje winayo anamukoka pafupi ndi khutu lake. "Tamvani kuthetheka. Lasitiki anafera kwa azungu konko, kuno kwangobwera mtembo."

Wachitatu ndinamutola ndi chisoni. Anali wa mtundu wa malalanje owala, ngati zovala za okonza msewu, ndipo zingwe zake zinkapingasana kumsana. Koma atalowa ndinamva ngati munthu wanzeru wandigwira phewa n'kunena kuti khala phee. Zala ziwiri zinalowa mochita kupempha. Ndinakweza manja, lamba anakhala pamalo pake. Ndinawerama ngati ndikutola mpira, palibe chinasuzumira. M'khwapa munali bata. Nsalu yakutsogolo inali yosalala, yopanda makwinya.

"Dumpha," anatero amayi.

Ndinadumpha. Mutu wanga unakwera pamwamba pa oyera mtima, n'kutsika, n'kukweranso. Okhoma zidebe a tsidya linalo anasiya kukhoma.

"Mayi, mukutulutsa ziwanda kodi?" mmodzi anakuwa. "Tibwere tidzathandize kuimba?"

"Khomani zidebe zanuzo, bambo, ana adye kunyumba," amayi anamubweza osatembenuka n'komwe. Kenaka analowetsa mutu m'kachipinda muja, magalasi ali pamphuno. "Dumphanso ndione. Kwambiri. Manja m'mwamba, onse."

Ndinadumpha manja onse ali m'mwamba. Amayi anayang'anitsitsa ngati akusankha mpunga.

"Sizikugwedezeka," anatero motsitsa, ngati akulengeza chozizwitsa chimene sakugwirizana nacho. "Koma ukupuma? Ine zothina sindizikhulupirira. Nena Tikuoneni Maria uku ukudumpha, mpaka kumapeto. Ukadukiza sitigula."

Choncho, okondedwa awerengi, ndinapemphera mokweza ndikudumpha, pakati pa msika wa Ndirande, nditavala malalanje. Azimayi ogwira chitenje aja, poti mmodzi anali Mkatolika, anayankha mbali yachiwiri. Ndinafika pa Amen mpweya ukadalipo wina wotsala. Ngakhale wogulitsa uja anasiya chinangwa chake n'kuomba m'manja kawiri.

Amayi anayesa kumusiyira wogulitsayo kamisolo wa ku Limbe uja kuti achotsereko mtengo, koma iye anamutambasula m'mwamba n'kufunsa ngati tinkafuna kuwedzera usipa. Amayi anamulanda n'kumuika m'chikwama. "Ndizivala ine. Palibe chotayidwa."

Tinadya tchipisi cha pachiwaya ndi kabichi, ine pang'ono chabe, kenaka tinakwera minibasi yotsikira ku Makata. Tinafika pabwalo 2 koloko isanakwane. Linali bwalo lomwe lija lafumbi kuseri kwa mpanda wa fakitale, ndipo anyamata aja analipo pamalo pawo, atakhala pamatayala akale. Kochi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Wabwera ndi manja angati lero?"

"Awiri, akochi."

"Tiwaone."

Anandipatsa kuti nditchinge mtsikana wina wa ku Chilomoni, woponya zigoli, wochenjera ngati nyerere ya m'shuga. Za masewerawo sindikumbuka zambiri, ndipo chimenecho ndiye chinandidabwitsa. Ndikukumbuka mpira, fumbi, ndi chigongono cha mtsikanayo m'nthiti mwanga. Ndikukumbuka ndikuulanda mpira m'mwamba ndi manja awiri, iye n'kunditukwana mwaulemu. Pa nthawi yopuma, ndikumwa madzi, m'pamene ndinazindikira kuti chiyambire wenzulo woyamba sindinaganizeko za chifuwa changa ngakhale kamodzi. Anyamata a pamatayala aja anali atayamba kukambirana za mpira wamiyendo.

Dzuwa litapendeka, kochi anatiimika pamzere n'kuyamba kuloza. Anandiloza ndi wenzulo wake. "Iwe wamtali, Lolemba 7 koloko pageti. Ukayamba ku gawo lolongedza." Ndinangokhala pansi pafumbi pomwepo. Chapatali ndinamva amayi akuuza mlonda wa pageti, amene sanawafunse kanthu, kuti, "Wodumpha uja ndi wanga. Anapitako ku koleji."

Pobwerera ku Bangwe ndinasinkhasinkha mozama, monga munthu wophunzira. Kwa zaka zambiri aphunzitsi, anzanga ngakhale ine ndemwe tinkadziwa kuti Veronika ndi mtsikana wamanyazi, wosadzikhulupirira, woopa kudumpha. Ena ankati ndi chibadwa, azakhali anga ankati wina anandilodza. Mwachidule, anali lasitiki.