Thumba la Atelala

Atelala a nyumba yoyandikana ndi yanga salola jumbo kulowa pakhomo pawo. Wogulitsa akangoitulutsa, iwo amakweza dzanja n'kunena kuti, "Bwezani. Chinthu chimenecho sichiwola, chidzaona maliro a tonsefe." Kumsika amapita ndi thumba lansalu. Loyamba analisoka pa 3 Epulo 2016 kuchokera ku buluku lakale, ndipo ulusi wake anapempha kwa ine. Munkalowa nyama, tomato, buledi, nthawi zina ndi nsapato zokakonzetsa. Kulichapa ankati n'kuwononga madzi.

Pa 11 Juni chaka chatha, mpongozi wawo, amene anabwera kudzakhala nawo ndi mwana wokwawa, anapeza mwanayo akuyamwa chogwirira cha thumbalo. Analitembenuza. M'misoko munali magazi ouma ndi nkhungu.

"Bambo, mwanayu watsegula m'mimba kawiri mwezi uno. Thumbali likapanda kuchapidwa lero, ife mawa tinyamuka."

"Apongozi, thumba limeneli silinadwalitsepo munthu."

"Munthu wake ndi inu nokha, bambo. Inu munazolowerana nalo."

Atelala anayang'ana mdzukulu wawo kwa kanthawi, kenako anatereka madzi. Ine ndinkaona ndili kumpanda. Ataliviika m'madzi otentha n'kuyamba kulifikisa, thumba linang'ambika pakati, dzanja lililonse n'kutsala ndi chidutswa chake.

"Kani linkalimba ndi litsiro," anatero.

Masana onse makina awo analira. Anasoka matumba awiri, lina la nyama yokha, lina la zotsalazo. Mpongozi sananyamuke. Pa 12 Juni Atelala anachapa matumbawo asanapite kumsika, nawayanika pachingwe pakati pa matewera a mwana.