Mbuzi za abusa, mpeni wa Che Amidu

“Abusa, ikani mpeni pansi!”

Mawu amenewa ndinawamva ndili pa msewu, ndisanatsike n’komwe pa njinga. Anali a Mayi Mbewe, wapampando wa amayi mumpingo mwathu, munthu woti ngakhale kwaya yonse ikamaimba mawu awo amamveka paokha. Linali Loweruka lapitali m’mawa, dzuwa lisanayambe kuwawa.

Nditazungulira kuseri kwa tchalitchi ndinapeza Abusa Kamwendo atapinda malaya, mpeni uli m’manja, nkhope ili mwee. Mbuzi imodzi inali itasendedwa kale, ikulendewera pa nthambi ya mango. Ina inali pachingwe, ikulira ngati ikudziwa kuti yotsatira ndi iyo.

“Mayi, mwadabwa? Ine ndinakulira kubusa,” anatero abusa monyadira. “Ndati ndikupeputseni ntchito. Mukamafika muzingoteleka.”

Mayi Mbewe anagwira m’chiuno. “Abusa, mbuzi iyi wachinja ndani?”

“Ine ndemwe.”

“Kalanga ine!”

Inu owerenga a ku Lilongwe kapena ku Kasungu mwina mukufunsa kuti vuto lili pati. Dikirani ndikuuzeni.

Abusa Kamwendo anabwera kuno kwa Katuli miyezi iwiri yapitayo kuchokera ku Dowa. Mpingo wathu ndi waung’ono: ife aphunzitsi, anamwino, apolisi angapo ndi mabanja ochepa a konkuno. Anansi athu ambiri ndi Asilamu. Abusawa sanafike n’kukhala m’nyumba kumadikira Lamulungu. Sabata yoyamba yomwe anayamba kuyenda m’midzi wapansi, ndipo chimene chinawakhudza ndi nkhalamba zokhala zokha, ana ali ku Joni, adzukulu ali m’tauni. Tsiku lina pamsonkhano wa akulu a mpingo anati: “Tiwaphikire. Tisawafunse kumene amapemphera. Angobwera adye, acheze, aseke.” Mbuzi ziwiri zimene mpingo unawapatsa powalandira anazipereka zonse. Kuitana anakaitana okha, khomo ndi khomo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe anawauza. Kuno mbuzi ya paphwando sapha munthu wamba. Timaitana Msilamu kuti adzachinje mwa mwambo wawo, apo ayi anansi athu sangailawe. Kwa iwo imeneyo ndi chibudu, nyama yosaloledwa kudya. Ukwati, maliro, chikondwerero cha pasukulu, timatero basi. Tinazolowera mpaka tinaiwala kuti mlendo amafunika kuuzidwa.

Kuwonjezera apo, masefuliya akuluakulu amene anali pamafuwa tinabwereka kwa amayi a kumzikiti. Mayi Mbewe akanachedwa pang’ono, nyama ija ikanalowa mmenemo.

Abusa atamva zonsezi anakhala pa chitsa. Chimwemwe chija chinathera pompo. “Ndiye kuti agogo onse aja abwera kudzangoyang’ana?”

Apa ndiulule tchimo langa, poti ndemanga ino ndi yanga ndipo sindingangonena za ena. Ndinayandikira n’kunong’ona: “Abusa, nyama ikapsa n’chimodzimodzi. Ichinjidwe yachiwiriyi anthu aone, kenako tiphatikize. Adziwa ndani?”

Anandiyang’ana, osati mokwiya, koma ngati mmene ine ndimayang’anira mwana amene ndamupeza akubera mayeso.

“Aphunzitsi, ndiye mawa ndikalalikire chiyani?”

Ndinayamba kukonza belu la njinga yanga, lomwe silinawonongeke.

A Phiri, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ya upolisi, anali ndi maganizo ena. “Ine mwambo umenewu sunandisangalatsepo. Phwando ndi la mpingo, mbuzi ndi za mpingo, bwalo ndi la mpingo. Tikagwadirenji munthu wa chipembedzo china kuti atiphere mbuzi yathu yomwe?”

“A Phiri,” anatero abusa modekha, “agogowa tawaitana kuti adzadye, kapena kuti adzatione ife tikudya?”

A Phiri anatsokomola n’kupita kukawaza nkhuni.

Wochinja m’dera lathu ndi Che Amidu, telala wa pamsika amenenso amaphunzitsa ana kumzikiti. Ndinati ndikawatenge ndekha, abusa anakana. “Wolakwa ndine, ndikapepese ndekha.” Njinga yamoto ya kabaza panalibe. Ndiye tayerekezani m’maso mwanu: ine kutsogolo ndikupalasa, abusa athu pakaliyala, mapazi akukhula mchenga, anthu a pamsika akutiimbira m’manja.

Che Amidu tinawapeza pakhonde akusoka kanzu, mkanjo wautali wa Asilamu. Abusa anawapatsa moni wa Chiyao umene anaphunzira sabata yathayo, koma anaukhotetsa moti Che Amidu anayankha m’Chichewa chifukwa cha chisoni. Kenako abusa anafotokoza zonse, osabisa kanthu: mbuzi imodzi ndapha ndekha mosadziwa, m’masefuliya simunalowe kanthu, yatsala imodzi, chonde tithandizeni.

Che Amidu anaimitsa makina. Anawayang’ana abusa, kenako anaseka mpaka kofia ya kumutu kwawo inapendekeka.

“Abusa, mwabwera ulendo wonsewu kudzadzinenera nokha? Mukanakhala chete ife tikanadziwa bwanji?”

Ine ndinayang’ana kumbali.

Anatenga mpeni wawo wokulunga m’kansalu koyera. Tili pafupi kunyamuka anafunsa kuti mbuzi yotsalayo ndi yaikulu bwanji. Titawauza anapukusa mutu. “Kambuzi kameneko sikangakwane nkhalamba zonse zija. Ndili ndi atambala atatu amene amandidzutsa nthawi isanakwane. Lero aone.” Pobwerera ine ndinayenda pansi ndikukankha njinga, atambala ali pahandulo, akuluakulu awiri aja ali kutsogolo akukangana ngati mbuzi za ku Dowa zimanona kuposa za kuno.

Zotsalazo zinayenda mofulumira. Che Amidu anachinja mbuzi ndi atambala. Mbuzi yoyamba ija inapita kunyumba ya abusa, n’kukaphikidwa m’mapoto ena, pamoto wina, ndi amayi ena. Imeneyo inali ya ife a mumpingo. Mayi Mbewe anaima pakati ngati wapolisi wa pamsewu, kuonetsetsa kuti ngakhale chipande chisadutse malire.

Pofika masana nkhalamba zinali zitadzaza pansi pa mango, ena pamphasa, ena pamabenchi a m’tchalitchi. Mpunga usanagawidwe, abusa anaimirira. Ine ndinkayesa ayamba ulaliki. Ayi. Anafotokoza nkhani yonse ya m’mawa ija, a Phiri omwe aja akumasulira m’Chiyao. “Nyama imene mudye inu achinja Che Amidu, ndi awa ali apawa. Imene ndapha ine ili uko, tidya tokha, ndipo ikakhala yolimba musatimvere chisoni.”

Bwalo lonse linagwa ndi phwete. Agogo ena opanda mano anaseka mpaka kupukuta misozi.

Abusa anapemphera mwa chikhulupiriro chawo, alendo athu anatchula dzina la Mulungu mwa chikhulupiriro chawo, manja analowa m’mbale.

Ndiime pang’ono apa, ndilankhule ndi ife a mipingo. Timakonda kunena kuti tikufuna kufikira anthu. Koma kufikirako nthawi zambiri timatanthauza chiyani? Kubwereka zokuzira mawu, kuimika thenti, kuitana mlaliki wa m’tauni, kufuula masiku atatu mpaka ana a m’mudzi kusowa pogona masana. Tikatero timapakira zida n’kulemba lipoti lokoma. Nanga dzina la agogo amene amakhala kuseri kwa thentiyo talidziwa? Tadziwa chimene amadya ndi chimene sadya?

Sindikunena kuti ulaliki ndi woipa. Ine ndemwe ndinatembenuka mtima pa msonkhano wa pabwalo. Sindikunenanso kuti zipembedzo zonse n’chimodzi. Che Amidu akanakhala woyamba kunditsutsa, abusa wachiwiri. Loweruka lija palibe anasiya chikhulupiriro chake. A Phiri mpaka lero akuti funso lawo silinayankhidwe mokwanira, ngakhale anadya mbale ziwiri. Chimene ndikunena n’chakuti munthu sungamukonde usakumudziwa, ndipo sungamudziwe ngati sulola kuti akuphunzitse kanthu. Abusa athu anaphunzira zaka zingapo ku sukulu ya ubusa, koma phunziro la tsiku lija anawapatsa telala wa pamsika ndi Mayi Mbewe ogulitsa mandasi, ndipo analilandira osachita manyazi.

Ifenso eni mpingo tili ndi mlandu. Mbusa watsopano akabwera timathamangira kumuonetsa denga lodontha ndi mabenchi othyoka. Timamuuza amene sabwera kutchalitchi ndi amene amamwa mobisa. Koma za mmene anthu a m’deralo amakhalirana, amalonjerana bwanji, amalira bwanji maliro, timangoti aona yekha. Akapunthwa ndiye timagwira pakamwa.

Anthu atakhuta, kucheza kutafika pokoma, agogo ena aakazi otchedwa Abiti Saidi anakodola abusa. Agogowa amakhala pafupi ndi tchalitchi chathu kuyambira kale chisanamangidwe, koma anali asanapondepo pabwalo lake. Abusa anakagwada pafupi nawo. Abiti Saidi anamasula mfundo ya pachitenje n’kutulutsa zidutswa ziwiri za chinangwa chowotcha.

“Ichi ndinatenga kunyumba,” anatero m’Chichewa cholemera ndi Chiyao. “Ndinati mwina kumeneko sindikadya, ndikangokhala kuti mwana wa anthuyu asakhumudwe, njala ikawawa ndikatafune mobisa. Tsopano ndakhuta, ndilibe pochiika. Idyani inu, baba.”

Abusa analandira ndi manja awiri. Anakhala pamphasa pomwepo, pambali pa agogowo, n’kudya chinangwa chozizira chija mpaka kutha, kwinaku Abiti Saidi akuwakonza Chiyao chawo liwu ndi liwu.

Ine ndinabwerera kunyumba ndikuimba ndekha pa njinga. Koma panjira funso lina linandigwira, ndipo ndikusiyirani inu: mwa anthu amene mpingo wanu unawaitanapo, ndi angati anabwera mwaulemu, n’kukhala mwakachetechete, n’kubwerera kwawo mfundo ya pachitenje isanamasulidwe pamaso panu?