Khofi wa Dzulo Akadali pa Thandala

Ndikukumbukira tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, chaka chimene ndinali mu Sitandade 7. Ndinali ndi zaka 12, ndipo kwathu ku Misuku ankandidziwa ndi zinthu ziwiri: masamu, ndi kope langa la chikuto chobiriwira limene ndinkalembamo zochitika za tsiku lililonse. Kopelo ndikadali nalo. Mapepala ake anasanduka achikasu, ndipo ndikalitsegula limanunkhabe utsi wa kukhitchini kwathu.

Chaka chimenecho Adada anali ku Karonga, kuntchito yokonza msewu, choncho munda wa khofi unatsala m'manja mwa Amama. Khofi anabereka moti nthambi zinawerama, phiri lonse kufiira. Khofi ameneyo ndiye ankatigulira yunifolomu ndi feteleza, ndipo Amama ankafuna kuti Adada pobwera apeze matumba odzaza, asadzanene kuti pakhomo popanda iwo zinthu zimagona.

Khofi ukathyola umasenda ndi makina opukusa pamanja, umaviika, kenako umatsuka mpaka atere. Akatero amafunika kuyanika pa thandala lansungwi, m'mwamba, pamene mphepo imapita pansi ndi pamwamba. Amama ankayeza malo ndi mkono wawo. Ndowa imodzi ya khofi wongotsuka kumene inkafuna mikono itatu ya thandala, chifukwa wonyowa amayenera kumwazidwa mopyapyala. Tsiku lachiwiri ankamusonkhanitsa pang'ono, n'kukwana pa mikono iwiri. Lachitatu ankamuunjika pa mkono umodzi. Kuyambira tsiku lachinayi ankamutsitsira pa mphasa pabwalo, pamene malo sankavuta.

Amayi a kutchalitchi kwathu anali ndi chizolowezi chothyolerana khofi, sabata ino munda wa uyu, sabata yamawa munda wa wina. Sabata yako ikafika sukanaisuntha, chifukwa ena akudikira, komanso khofi wakupsa sachedwa kuyoyoka. Amama anawerenga amene analonjeza kubwera, n'kupeza kuti Lolemba tidzatsuka ndowa ziwiri, Lachiwiri zinayi, Lachitatu zinayi, Lachinayi imodzi. Mathandala akale anali atadyedwa ndi chiswe. Asibweni, mchimwene wawo wa Amama, anavomera kukadula nsungwi kuchigwa, ulendo wa tsiku lathunthu kutsika ndi kukwera, koma anafuna kudziwa kutalika kwa thandala.

Amama anali otanganidwa ndi makina osendera amene ankakana kuzungulira. Osatembenuka n'komwe anati, "Funsani Tusekile, ndiye wamasamu pakhomo pano."

Mtima wanga unadumpha. Aka kanali koyamba kuti andipatse ntchito ya akuluakulu. Ndinatsegula kope, n'kuganiza motere: tsiku lalikulu kwambiri ndi la ndowa zinayi, ndowa iliyonse mikono itatu, zonse pamodzi mikono 12. Ndinajambula mzere wawiri pansi pa yankho monga tinkachitira kusukulu.

"Mikono 12, Asibweni."

"Basi? Watsimikiza, aphunzitsi? Miyendo yangayi siibwerezanso kuchigwa kuja."

"Ndatsimikiza. Ndawerengera tsiku lalikulu kwambiri."

"Yewo, bwana," anatero akuseka, n'kuvula chipewa ngati akulankhula ndi mkulu wa ku boma.

Lolemba zonse zinayenda bwino. Khofi anatenga mikono isanu ndi umodzi, theka la thandala n'kutsala lopanda kanthu, ndipo ndinalemba m'kope kuti mwina ndinawatumitsa Asibweni nsungwi zochuluka. Lachiwiri ndowa zinayi zitafika, ndinaima chilili. Zinayizo zinkafuna thandala lonse, koma khofi wa Lolemba anali akadali pomwepo, akufuna mikono yake inayi. Amama anangomwaza mokhuthala. Lachitatu kunafika ndowa zina zinayi, ndipo panalibenso pomwaza. Tsiku lomwelo nkhungu ya ku Misuku inatsika, ija imanyowetsa zovala popanda mvula kugwa. Khofi wotsala tinamuika m'matumba m'khitchini.

Pofika Lachisanu m'mawa fungo linali litatilonjera kale pakhomo, fungo lowawasa ngati la mowa wogona. Amama anamasula thumba, n'kulowetsa mkono mpaka m'chigongono. Khofi anali wotentha mkati, njere zina zitadera, zina zitamera ubweya wa nguwi. Anakhala pansi n'kuyamba kusankha imodziimodzi. Ndowa ziwiri zathunthu zinapita kudzala.

Sanandimenye. Sanandikalipirenso. Ndikanakonda akanatero, chifukwa chete wawo ankandilasa kuposa mkwapulo. A Nachinga, amene ankakonda nthabwala pakati pa amayi othyola aja, podutsa anafuula moni wa kwathu kuti, "Mwaghona, a masamu! Ndamva kuti kwanu mwatsegula bala ya khofi." Amayi ena anaseka, ine ndinathawira kuseri kwa nthochi. Pa tsamba la tsiku limenelo m'kope pali mawu anayi okha: "Ndawonongetsa khofi wa Adada."

Khofi sapsa nthawi imodzi. Patapita masabata awiri, gawo lathu linali kubweranso, ndipo ulendo uno wakupsa anali wochuluka kuposa poyamba. Ndinali wotsimikiza kuti sadzandifunsanso. Ndinakhala pa mwala pafupi ndi thandala, n'kuyesa ndekha kupeza pamene ndinalakwira. Ndinang'amba kachidutswa ka pepala, n'kulembapo 3, 2, 1. M'kope ndinalemba ndowa za sabata ija: 2, 4, 4, 1. Ndinaika kapepalako pansi pa masiku atatu oyamba, n'kuchulukitsa nambala iliyonse ndi inzake ya pamwamba, kenako n'kuphatikiza. Ndinapeza 18.

Amama anabwera ndi lichero, n'kusuzumira.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Lachitatu lija pankafunika mikono 18, Amama."

"Ayi. Pankafunika yoposa pamenepo. Ndiwerengere ndimve."

"Ndowa ziwiri za Lolemba, mikono itatu iliyonse..."

"Ima pomwepo. Wa Lolemba pofika Lachitatu wauma kale khungu, ukumupatsiranji malo a wonyowa? Dzuka."

Anandigwira dzanja n'kupita nane kumapeto kwa thandala kumene ankayika khofi watsopano. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akugogoda nsungwi ndi chala.

"Usamayambe ndi Lolemba. Yamba ndi wa lero, uzibwerera m'mbuyo. Wa lero itatu. Wa dzulo iwiri. Wa dzana umodzi. Mawa kukacha, aliyense wasuntha malo, ndiye uyambirenso."

Ndinabwerera pa mwala paja, n'kutembenuza kapepala kanga kuti 3 akhale pansi pa tsiku la lero, 2 pansi pa dzulo, 1 pansi pa dzana. Manambala anali chadodolido koma ankawerengeka. Ndowa zinayi za Lachitatu, mikono 12. Zinayi za Lachiwiri, mikono isanu ndi itatu. Ziwiri za Lolemba, mikono iwiri. Zonse 22. Ine ndinali nditawatuma Asibweni 12.

Kenako ndinaona chinthu chimene chinandisangalatsa ngakhale ndinali ndi manyazi. Kapepalako ndikakasuntha tsiku limodzi kutsogolo, kankandipatsa yankho la tsiku lotsatira. Lachinayi, ngakhale tinatsuka ndowa imodzi yokha, pankafunikabe mikono 15. Lachisanu ndi Loweruka, masiku amene sitinathyole n'komwe, thandala linali likugwirabe ntchito.

Kenako Amama anati, "Sabata yamawa Lolemba zitatu, Lachiwiri zisanu, Lachitatu zinayi. Asibweni ako akubwera masana. Uwauze."

"Ineyo?"

"Nanga pali Tusekile wina?"

Ndinayamba kusuntha kapepala. Lolemba 9. Lachiwiri 21. Lachitatu 25. Lachinayi 13. Lachisanu 4. Ndinabwereza katatu. Chinandidabwitsa n'chakuti tsiku lofuna malo ambiri silinali la ndowa zisanu, koma lotsatira lake.

Asibweni atamva, anagwira m'chiuno. "Mikono 25? Poyamba paja unandichitira chifundo, tsopano ukufuna kundipha. Kapena ukufuna uzigonapo iweyo?"

"Tili kale ndi 12, Asibweni. Muwonjezere 13."

Anayang'ana Amama kuti amve ngati akuvomereza. Amama anapitiriza kupeta ngati sakumva. Asibweni anapukusa mutu, n'kunyamula chikwanje.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinadzuka m'mamawa. Ndinathandiza kunyamula ndowa kuchokera kumtsinje, madzi ozizira akutsikira m'khosi. Amama anasonkhanitsa wa dzana, anasonkhanitsa wa dzulo, n'kuyamba kumwaza wa lero. Ndinkayang'ana nsungwi zopanda kanthu zikuchepa. Ndowa yachinayi itatha, khofi anafika pa nsungwi yomaliza, n'kutsala malo ongokwana chikhatho. A Nachinga anaika chikhatho chawo pamenepo n'kunena kuti, "Apa mwasiyira ine, a masamu?" Ulendo uno nanenso ndinaseka. Palibe njere imene inapita kudzala, ndipo Adada pobwera anapeza matumba atatsamira khoma. Za ndowa ziwiri zija ndinawauza ndekha.

Pano ndamaliza Folomu 4, ndikudikira zotsatira za mayeso, ndipo ndikulakalaka kudzaphunzira zamagetsi. Aphunzitsi anga a fizikisi anandibwereka buku lofotokoza mmene wailesi ndi foni zimagwirira mawu. Mutu wina unali ndi dzina limene linandiopsa, konivolushoni, ndi zizindikiro zodzaza tsamba. Ndinauwerenga masiku awiri osamvapo kanthu. Tsiku lachitatu ndinafika pa chithunzi cha mizere iwiri ya manambala, wina atautembenuza n'kumausuntha pansi pa unzake. Ndinathamangira kubokosi kukatenga kope lobiriwira. Kapepala kaja kanali komweko, pakati pa masamba.

Bukulo limanena kuti makina amadula mawu m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse n'kukhala nambala, monga ndowa zathu za tsiku ndi tsiku. Mzere wachiwiri umasonyeza mmene kachidutswa kamodzi kamakhalitsira kakalowa, kamphamvu poyamba, kenako n'kumazilala, monga itatu, iwiri, umodzi. Chimene chimatuluka pa nthawi iliyonse ndi kuphatikiza kwa chimene chalowa kumene ndi zotsalira za zimene zinalowa kale. N'chifukwa chake m'tchalitchi chathu mawu a mbusa amamveka ngati akuthamangitsana: liwu latsopano limapeza lakale lisanathe. Mainjiniya amasankha dala manambala a mzere wachiwiriwo kuti asefe phokoso mawu amveke bwino. Ndipo kutembenuza kuja, kumene bukulo limati kumasokoneza ophunzira ambiri, chifukwa chake n'chomwe chija Amama anandionetsa: chimene chalowa posachedwa ndicho chili pa chiyambi cha ulendo wake.

Ndinawaonetsa Amama tsambalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, buku atalitalikitsa ndi maso.

"Ndiye anthu amapita mpaka ku koleji kukaphunzira kuyanika khofi?"

"Chimodzimodzi, Amama, koma ndi mawu."

"Chabwino. Ukapita ukawauze kuti asamayambe ndi Lolemba."

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti tsiku lija ndinalakwitsa masamu. Pano ndikuona kuti kuchulukitsa kwanga kunali kolondola, ndowa zinayi zimafunadi mikono 12. Cholakwa changa chinali kuyang'ana tsiku limodzi ngati likupeza thandala lopanda kanthu. Ndikuonanso kuti Amama, pondifunsa kachiwiri fungo lija lisanathe m'khitchini, anaika khofi wa chaka chonse m'manja mwa mwana amene anali atawawonongera kale ndowa ziwiri. Anandipatsa malo pa nthawi imene ndinkawafuna kwambiri, monga amachitira ndi khofi wonyowa. Kapepala kaja ndakabwezera m'kope, ndipo ndikasankhidwa kupita ku koleji ndidzapita nako.